Mayi Mwachifatse ndi Makatoni Osochera

Taganizani m'mawa wa tsiku wamba, dzuwa lisanayambe kutentha. Mwaima pakhomo pa chinyumba chachitali cha malata, chopanda mawindo, cha zitseko zikuluzikulu zokankhira m'mwamba. M'katimo muli lamba wakuda woyenda yekha, ndipo pamwamba pake pakudutsa makatoni, maenvelopu ndi timatumba ta pulasitiki, chilichonse chitamatidwa kapepala ka adiresi. Mbali zonse za lambayo kwaima magalimoto ang'onoang'ono a katundu atatsegula kumbuyo. Onse ndi achikasu, ndipo madalaivala ake avala malaya achikasu. Aliyense wagwira foni, ndipo mafoniwo akulira tii, tii, kukumbutsa eni ake kuti nthawi ikutha.

Kenako kapitawo akutuluka mu kaofesi kake ka magalasi, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kunena mawu amene amanena tsiku lililonse:

"Mwadzuka bwanji, mabwana?"

Sikunali kunyoza ayi. Pa depoti imeneyi madalaivala onse anali mabwana. Kampani yonyamula katunduyo inalibe dalaivala ngakhale mmodzi wolembedwa ntchito. Inali ndi anthu amene inkawatcha anzake a bizinesi. Aliyense ankati ndi wodziimira payekha, mwini kampani ya munthu mmodzi, amene wangogwirizana ndi kampani yaikulu kuti aziigawira katundu. Galimoto inali yake, mafuta ake, matayala ake, msana wakenso. Za kampani zinali malaya, utoto wachikasu, nthawi yofikira, misewu yodutsamo, ndi foni yomuuza kuti wachedwa. Bwana wotereyu analibe tchuthi, analibe tsiku lodwala, ndipo sakanachotsedwa ntchito, chifukwa munthu sungamuchotse ntchito imene sunamulembe. Foni yake inkangosiya kulira, basi.

Pagalimoto yomalizira, pafupi ndi pompi ya madzi, pankaima mayi ena aafupi, a imvi pang'ono m'mbali mwa makutu, amene anzawo ankawatcha Mayi Mwachifatse. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Galu akawauwa pageti, ankati, "Mwachifatse." Kasitomala akamakalipa kuti katoni yake yaphwanyika pakona, ankati, "Mwachifatse, bambo, titsegule tione." Ngakhale giya ikakana kulowa, ankaiuza zomwezo.

Anabadwa oyamba m'banja la ana aakazi okhaokha. Bambo awo ankayendetsa galimoto ya buledi, ndipo atadikira mwana wamwamuna mpaka kutopa, anaphunzitsa amene analipo. Mtsikanayo anadziwa kusintha tayala asanadziwe kuluka tsitsi. Atakula anayendetsapo galimoto yonyamula ana a sukulu ya mkaka, kenako ya kampani yochapa zovala. Anakwatiwa ndi telala wina wa mawu ochepa, amene makina ake ankakhala pawindo la chipinda chochezera. Anabereka ana awiri, anawaphunzitsa, anawo anakula n'kupita kukagwira ntchito kutali. Kampani yochapa zovala ija itatsekedwa, mayiwo anagula galimoto yakale, anaipakitsa utoto wachikasu, n'kukhala bwana.

"Ndiye tizikutchulani kuti chiyani tsopano?" anafunsa atelala tsiku limenelo.

"Bwana."

"Chabwino. Bwana, mchere watha."

Chaka china atelala anagwa pafupi ndi makina awo, ndipo potuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wa kumanja zinali zitafa. Mutu unali bwinobwino. Pakamwa pankachedwa pang'ono, koma nthabwala zinkatulukabe. M'mawa mayi ankawakhazika pampando wa pawindo, pambali pa makina, kuti aziona msewu, ndipo ankatha kukhala okha mpaka masana. Koma masana pankafunika munthu wowadzutsa pampandopo, kuwafikitsa kuchimbudzi, ndi kuwagoneka pabedi kuti thupi lisachite zilonda.

Apa muyenera kumvetsa za njira. Dalaivala aliyense anali ndi njira yake, kutanthauza misewu imene ankagawamo katundu tsiku ndi tsiku. Njira ya Mayi Mwachifatse inkayambira kuseri kwa njanji, n'kudutsa pa masitolo a zitsulo, n'kukwera kachitunda, ndipo pamwamba pa kachitundako panali nyumba yawo. Masana aliwonse galimoto yachikasu inkaima pageti. Mayi ankalowa, n'kuchita zonse zija mwadongosolo ngati namwino, n'kusiya fulasiki ya tiyi kumbali ya dzanja lamoyo, n'kutuluka foni isanayambe kudandaula. Popanda njira imeneyo sakanatha kugwira ntchito ndi kudwazika pa tsiku limodzi.

Akachoka kunyumba ankapita pansi pa mlatho. Nazonso izi zifunika kuzifotokoza. Lamba uja ankathamanga, anthu osankha katundu anali ochepa, choncho tsiku lililonse makatoni ena ankalowa m'magalimoto olakwika. Madalaivala ankawatcha osochera. Lamulo la kampani linkati wosochera azibwerera ku depoti madzulo, kuti akaikidwenso pa lamba mawa lake. Koma kasitomala amene walonjezedwa katundu lero safuna kumva za mawa, ndipo wokalipiridwa pageti ankakhala dalaivala. Ndiye kalekale madalaivala anapangana okha kuti masana azikumana pansi pa mlatho wa msewu waukulu, pakati pa tauni, pamene pali mthunzi ndi malo oimikapo, n'kumasinthana osocherawo. Palibe anawatuma. Ku likulu la kampani sankadziwa n'komwe kuti pansi pa mlathopo pamachitika chinthu. Ankangoona pa kompyuta kuti depoti imeneyi sisocheretsa katundu, ndipo chaka chilichonse ankaitumizira chikho.

Pansi pa mlathopo pankamveka kwambiri mawu a dalaivala wina wamkulu, wa kamimba, amene onse ankawati a Malume ngakhale panalibe mwana wa mlongo wawo ndi mmodzi yemwe. A Malume ankalalikira za bungwe la ogwira ntchito.

"Mabwana anzanga," ankatero atakhala pabampala, "ndi bwana wanji wopempha chilolezo kwa foni kuti akataye madzi? Tiyeni tipange bungwe."

"Malume, bungwe lanulo lili ndi anthu angati tsopano?"

Wofunsayo anali Mphezi, mnyamata amene anali atangoyamba kumene. Ankathamanga ndi katoni ngati waiba, ndipo foni yake inali yodzaza ndi nyenyezi, zija makasitomala amapereka kwa dalaivala wachangu. Anali mwana wabwino, kungoti miyendo inkafika mutu usanafike.

"Alipo," ankayankha a Malume.

"Angati?"

"Wapampando alipo. Ndine."

"Nanga mlembi?"

"Nayenso alipo. Ukulankhula naye."

Anyamata ankaseka, a Malume n'kutembenukira kwa Mayi Mwachifatse. "Achemwali, inu ndinu munthu wamkulu. Tawauzani anawa."

"Ine ndili ndi wosochera wa kumsika," ankatero mayiwo. "Wa kumsika ndani?"

Sikuti ankadana nalo bungwe. Anali ndi njira yawo, anali ndi masana awo, ndipo zina zonse ankaziona ngati nkhani za anthu okhala ndi nthawi.

Tsiku lina masana anapeza atelala ali pansi, pakati pa mpando ndi khomo, atang'ambika pachipumi. Anali atayesa kudzuka okha.

"Ndimaona ngati munakolopa bwino," anatero atelala.

Mayi anawanyamula, anawakhazika kutsogolo kwa galimoto, n'kuthamangira nawo kuchipatala. Anaimbira foni kapitawo, ndipo iye anatumiza munthu kukatenga katundu wotsala. Madokotala anawagoneka atelala masiku angapo, mayi ali pambali pa bedi.

Mayi atabwerera ku depoti anayatsa foni. Foniyo inawalonjera mwaulemu, n'kuwasonyeza misewu ya kumafakitale, tsidya lina la tauni, kumene munthu sangachoke masana kupita kunyumba n'kubwerako. Pamalo pawo, pafupi ndi pompi, panali pataima galimoto ya Mphezi.

Analowa mu kaofesi ka magalasi. Kapitawoyo sanali munthu woipa. Nayenso anayambira pa chiwongolero, ndipo bondo lake lamanzere linkakumbukabe.

"Akapitawo, njira yanga yapita kuti?"

"Pepani kwambiri, amayi. Abambo ali bwanji?"

"Awasoka pachipumi. Akuti ulusi wake ndi wosalimba. Njira yanga."

"Si ine, amayi, ndi kompyuta ya ku likulu. Ikaona kuti bizinesi ina sinatsegule masiku angapo, imapereka misewu yake kwa bizinesi ya nyenyezi zambiri."

"Ndiye mwandichotsa."

"Ayi ndithu. Inu sitingakuchotseni, si inu wantchito wathu. Ndinu bwana."

"Bwanayo akufuna njira yake."

"Bwana amasankha masiku ogwira ntchito, amayi. Njira amasankha ndi kasitomala wake."

"Kasitomala wanga ndani?"

"Ife."

Mayi anayang'ana zikho zimene zinandandalikidwa pamwamba pa kabati. "Mwachifatse," anadziuza okha, n'kutuluka.

Anayamba kuyenda njira ya kumafakitale. Za mankhwala anapeza nzeru, ankawasiya pakambale pafupi ndi dzanja lamoyo. Chakudya nachonso ankachisiya chovindikira. Koma kuchimbudzi sungamusiyire munthu pakambale. Mayi wa nyumba yoyandikana ankabwera masiku amene wapeza mpata, koma nayenso ankagulitsa m'sitolo ya eni ake. Madzulo ena Mayi Mwachifatse ananyamula fulasiki n'kupeza ili yodzaza.

"Abambo, tiyi simunamwe?"

"Ndamusiya. Amandichulukitsira maulendo."

Powasambitsa anaona pathako payamba kufiira. Mumtima anadzipatsa mwezi umodzi: ukatha zinthu zili chonchi, galimoto aiimika pabwalo, azikhala pakhomo. Chimene akanadya pambuyo pake sankachidziwa.

Mawa lake masana, pansi pa mlatho, anapita molunjika pabampala ya a Malume.

"A Malume, bungwe lija lili kuti?"

A Malume anatsamwa ndi buledi. "Lilipo, achemwali."

"Lembani dzina langa."

A Malume anasisita matumba onse. "Cholembera muli nacho?"

Awiriwo anapita ku ofesi yoona za ntchito. Anawalandira mtsikana waulemu, amene anamvetsera mpaka kumapeto, ngakhale mbali ya a Malume. Kenako anawafotokozera kuti bungwe la ogwira ntchito limafuna ogwira ntchito, pamene mapepala awo akuti iwo ndi mabizinesi. Anati akhoza kukadandaula kuti mapepalawo sakunena zoona, popeza amavala malaya a kampani ndipo amalamulidwa ndi foni ya kampani, ndipo iye awathandiza kulemba dandaulolo. Koma anawachenjeza kuti milandu yotere imatenga zaka.

"Ine ndili ndi mwezi," anatero mayi.

Potuluka a Malume anali atatentha. "Tiimike magalimoto onse pageti! Pasatuluke katoni ngakhale imodzi!"

"Mafoni athu angosiya kulira," anatero mayi. "Panja pa geti pali anthu atapakitsa kale magalimoto awo utoto wachikasu."

Nzeru inawabwerera mayiwo pansi pa mlatho pomwepo, atanyamula katoni ya wina. Anaima nayo m'manja, n'kufunsa mokweza pang'ono kusiyana ndi masiku onse:

"Kodi izi tikuchitazi anatituma ndani?"

Kenako anapitiriza:

"Lamulo lawo likuti wosochera azibwerera ku depoti. Ife ndife mabizinesi. Bizinesi imachita zimene inagwirizana. Bwanji tingomvera lamulo?"

A Malume anatsegula pakamwa kuti alalikire, koma anatsekanso. Kwa nthawi yoyamba anali atamva ulaliki waufupi kuposa wawo.

Mayi sanaitanitse msonkhano. Ankalankhula ndi munthu mmodzimmodzi pomupatsa katoni yake, ndipo funso linali lomwelo: "Iwe ukadzadwala, njira yako idzakudikira?" Akuluakulu sanavute, chifukwa aliyense anali ndi bondo, msana kapena shuga. Ovuta anali anyamata, ndipo anyamata ankayang'ana kwa Mphezi. Mphezi anali atanena kale kuti akuluakulu akasiya kusinthana, iye azizungulira yekha kutolera osochera. Zikanatero, nzeru yonse ija ikanangosanduka nyenyezi zina pa foni yake.

"Amayi, ine sindinalande njira yanu," anatero Mphezi, akuyang'ana matayala. "Foni inangondipatsa."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Mkazi wanga ndi woyembekezera. Nyenyezi zikatsika ndikamuuza chiyani?"

"Palibe chimene ndakupempha. Koma tamvera. Pa masitolo a zitsulo pali geti yobiriwira, ili ndi galu. Usamathamange, amaluma othamanga okha. Ndipo agogo a panyumba ya ngodya samva kugogoda, uzizungulira kuwindo la kukhitchini."

Mphezi anathokoza, n'kuchoka mothamanga.

Iye sankadziwa nyumba ya mayiwo. Ankangodziwa kuti masana aliwonse, akamakwera kachitunda, bambo wina wachikulire wokhala pawindo pambali pa makina osokera amakweza dzanja lamanzere. Mphezi ankaliza hutala n'kudutsa, akuganiza kuti ndi munthu wokonda moni. Koma tsiku lina bamboyo sanangokweza dzanja. Ankagogoda galasi ndi sizasi. Mphezi anaima, poganiza kuti mwina pali katundu wotumiza. Chitseko chinali chosakhoma.

"Odi! Madala, muli ndi katundu?"

"Ndilipo ineyo," anatero atelala. "Wolemerako pang'ono. Wopita kuchimbudzi."

Mphezi anaima pakhomo. Pamsana pa mpando wina panali patapachikidwa malaya achikasu, ofanana ndi ake, koma kolala yake yosokedwanso bwino ndi ulusi wina. Anayang'ana malayawo, anayang'ana bamboyo, ndipo anadziwa nyumba imene walowa.

"Masiku onsewa mumakweza dzanja..."

"Ndikudziwa kuti si akazi anga," anatero atelala. "Anandiuza. Koma magalimoto anuwa anawapaka mofanana, ndipo dzanjali silinauzidwe. Tiye, mwanawe, nkhani tikambira m'njira."

Mnyamatayo anawakweza, dzanja lakufa lili paphewa pake, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono, mwina ulendo woyamba kuyenda choncho chiyambire ntchito. M'thumba mwake foni inayamba tii, tii.

"Foni yako ikulira."

"Isiyeni, madala."

"Ndi abwana ako?"

"Bwana ndine."

"Oo. Ndiye bwana, mukoke buluku bwino, lapindika kumbuyoku."

Atawagoneka pabedi, Mphezi anathira tiyi m'kapu n'kuwapatsa. Atelala anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali asanailandire.

"Mawa udutsanso?"

"Ndidutsa."

"Ndiye ndimwa. Ndipo pa kachitundapa uziika giya yachiwiri. Galimotoyo imalira mpaka ine kumva chisoni."

Tsiku limenelo Mphezi anafika pansi pa mlatho mochedwa. Dalaivala wa kumsika anamutambasulira manja kuti alandire katoni yake. Mphezi anaitulutsa, anawerenga adiresi, n'kuibwezera m'galimoto.

"Lamulo likuti ibwerere ku depoti," anatero.

Anyamata anayang'anana. Mmodzi anatseka chitseko cha galimoto yake, wina n'kutsatira. Mayi Mwachifatse sanafunse chimene chachitika. Anakachimva kunyumba, kwa atelala, amene anati kwabwera bwana wina wosadziwa kukoka buluku.

Madzulo amenewo madalaivala anaima pamzere pakhomo pa kaofesi ka magalasi, aliyense atanyamula makatoni.

"Wosochera, akapitawo."

"Osochera awiri, akapitawo."

"Uyu akuti ndi keke, akapitawo. Mwina muike pozizira."

Aliyense anaika pansi mwaulemu n'kutsanzika. Mawa lake osocherawo anakwera pa lamba pamodzi ndi katundu watsopano. Lamba anadzaza, osankha anasokonezeka, ndipo osochera a tsiku limenelo anaposa a dzulo lake. Pakutha pa sabata mulu unali utatseka magalasi a kaofesi, moti kapitawo akafuna kuona depoti yake ankayenera kutuluka. Makasitomala ankaimba mafoni. Ku likulu nako ankaimba, kufunsa kuti depoti ya zikho yagwidwa ndi chiyani.

Kapitawo ankadziwa bwino chimene chachitika, chifukwa malo a pansi pa mlatho anawasankha ndi iye, kale akadali dalaivala. Masana ena anapitako. Anapeza magalimoto ataima mwadongosolo, zitseko zili zotseka, mabwana atakhala pamthunzi akudya buledi.

"Mukutani pano?"

"Tikupuma," anayankha a Malume. "Bwana amasankha nthawi yake."

"Mukundipha, anthu inu."

"Talakwira lamulo liti, akapitawo? Titchulireni, tikonze."

Kapitawo anakhala pabampala, n'kutambasula bondo lake. Kuti awaneneze kuti asiya kusinthana, anayenera kuyamba wauza likulu kuti zikho zonse zija zinapambanidwa pansi pa mlatho. Wina anamupatsa buledi, ndipo anadya.

Patapita masiku anaitana Mayi Mwachifatse kuseri kwa mulu wa makatoni.

"Amayi, ndalankhula ndi munthu wa kompyuta. Njira yanu ikhoza kubwerera mawa lomwe. Inu mungowauza anzanu ayambirenso zija."

"Abambo akadzagwanso?"

Kapitawo anatambasula manja. "Kompyuta, amayi."

"Nanga a Malume akadzagonekedwa? Nanga mkazi wa Mphezi akadzachira?"

"Ine ndikunena za inu."

"Ndikaganize."

Apa panali povuta, ndipo tisapeputse. Chimene ankachifuna chinali chitaikidwa m'manja mwawo, mwezi unali pafupi kutha, ndipo pofiira paja panali pasanapole. Mphezi ankaima pa kachitunda masana aliwonse, koma nyenyezi yake imodzi inali itagwa kale, ndipo palibe ankadziwa kuti kompyuta imusiya panjirayo mpaka liti. Madzulo, akuwapaka atelala mafuta kumsana, anawafotokozera zonse.

"Ndiye akubwezerani," anatero atelala, nkhope ili pa pilo.

"Akundibwereka."

"Mukufuna ndinene chiyani?"

"Thupi ndi lanu, abambo. Mukati ndilandire, ndilandira."

Atelala anatembenuza mutu pa pilo.

"Mnyamata uja amandinyamula ngati thumba la simenti," anatero. "Koma amafika. Ndipirira. Pakani kumanzereko, kumanjako sikumva kanthu, mukungotaya mafuta."

M'mawa mwake kapitawo atangonena kuti, "Mwadzuka bwanji, mabwana," mayi anamuyandikira.

"Nkhani ija mukalankhule ndi bungwe."

"Bungwe liti, amayi?"

"Wapampando ndi a Malume. Mlembi ndi Mphezi, ali ndi cholembera."

Mwezi usanathe kunabwera anthu awiri ochokera ku likulu, bambo ndi mayi, atanyamula kompyuta ya m'manja. Popeza mu kaofesi munalibe malo, msonkhano unachitikira pafupi ndi lamba, onse atakhala pamakatoni olimba. Alendowo anayamba ndi kunena kuti kampani singavomereze bungwe la ogwira ntchito, chifukwa ilibe ogwira ntchito oyendetsa galimoto. A Malume anaimirira n'kulankhula mpaka tiyi anazizira, kuyambira pa mbiri ya bondo lawo. Atakhala pansi, mlendo wamkazi anafunsa ngati pali wina angafotokoze mwachidule.

Onse anatembenukira kwa Mayi Mwachifatse.

"Mutitche dzina limene mukufuna," anatero. "Zoti ndife antchito kapena mabwana, dandaulo lili ku ofesi, adzaweruza okha. Lero tikufuna izi. Munthu akadwala kapena akadwazika, njira yake imudikire. Ndipo munthu asalandidwe njira asanamvedwe pamaso pa anzake. Kompyuta ikafuna kulankhula, ibwere idzakhale pakatoni ngati ife."

"Nanga makatoniwa?" anafunsa mlendo wamwamuna.

"Amenewa timadziwa kwawo."

Sanagwirizane tsiku lomwelo. Alendowo anapita, anabweranso, anaimba mafoni panja, ndipo mulu unkakulabe. Pomaliza kampani inalemba pangano. Sinalembemo mawu oti bungwe. Inalemba kuti komiti ya anzathu a bizinesi. A Malume anati alibe nazo kanthu, nawonso dzina la Malume silili pa chiphaso chawo. M'panganomo analembamonso kuti nthawi ya pansi pa mlatho ndi nthawi ya ntchito, foni isamawerengere munthu kuchedwa. Masana a tsiku losainira zitseko za magalimoto zinatseguka, ndipo pasanathe masiku ambiri kapitawo anayambanso kuona depoti ali mu kaofesi kake.

Nkhani yoyamba imene komiti inamva inali ya njira ya kuseri kwa njanji. Sinatenge nthawi, chifukwa mlembi ndiye anaimirira n'kunena kuti njirayo si yake. Anamupatsa ina ya cha kumsika, kumene kuli masitepe ambiri oti azithamangapo. Mkazi wake atachira, Mphezi anakhala kunyumba masiku angapo, ndipo pobwera anapeza njira yake ikumudikira. Loweruka lina anakwera kachitunda ndi khandalo kukalionetsa kwa atelala. Atelala analiyang'anitsitsa n'kunena kuti thewera lapindika kumbuyo, zikuoneka kuti wamanga ndi bambo ake.

Dandaulo lija likadali ku ofesi, ndipo kapitawo amalonjerabe kuti mabwana. Mayi Mwachifatse anayenda njira ya kuseri kwa njanji mpaka pamene maso anayamba kuwavuta, akuima pageti pawo masana aliwonse, ndipo fulasiki ankaipeza yopanda kanthu. Chiyambire pangano limenelo, pa depoti ija palibe dalaivala amene analandidwapo njira chifukwa chodwala kapena kudwazika.